Ramu za m'Chikwama cha Alufeyo

Amene amati zoopsa zimadikira mdima sanamve za pa Madisi. Izi zinachitika dzuwa likuswa mtengo, mwezi wa Okotobala, anthu akutsutsana mitengo ya tomato pamsika, ndipo ena amene anaziona alipo mpaka lero, kungoti mukawafunsa amayamba kukamba za mvula. Sendererani kuno, mumve za Wedisoni.

Wedisoni ndi mkulu wake Alufeyo anali ndi kashopu kojambula makanema kuseri kwa msika. Maukwati, zinkhoswe, maliro, zonse ankajambula. Mwini luso anali Alufeyo, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, amene anamanga yekha kompyuta ya m'shopumo chidutswachidutswa. Wedisoni anali wa kamera, ndipo kupupuluma kwake kunali kodziwika. Tiyi ankamwa ataimirira, nsapato ankamangira panjira.

Lachiwiri lina Alufeyo anapita ku Lilongwe kukagula zipangizo, ndipo minibasi yomwe anakwera pobwerera inagubuduka. Anafera pomwepo. Nthawi imeneyo mayi awo, aNamwale, anali m'chipatala, sitiroko itawapha mbali yonse ya kumanzere. Achibale anagwirizana kuti asawauze, poopa kuika maliro awiri sabata imodzi. Alufeyo anaikidwa Lachinayi mayi ake akufunsa anamwino chifukwa chimene mwana wawo sakubwera kudzawaona.

Atawatulutsa m'chipatala n'kuwagoneka m'nyumba mwawo, mpamene Felida, mlongo wake wamkulu wa Wedisoni, anagwada pambali pa mphasa n'kuwauza. ANamwale sanalire. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenaka anati, "Mukunama."

Wedisoni anawaonetsa zithunzi za maliro pafoni. Mayiwo anaikankha ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Iwe Wedi, si iwe amene unaimika mwana wa aGomani pafupi ndi ndege, chikhalirecho ngakhale pa Lumbadzi sanapondepo? Zithunzi zako ndimazidziwa ine."

"Ndiye tikunyamuleni, amayi, mukaone manda."

"Mulu wa dothi uli ndi nkhope? Ndikufuna ndione nkhope yake m'bokosi, ndione akutseka, ndiyende nalo bokosilo osalichotsa m'maso mpaka dothi litakwirira. Osadula paliponse. Ndisanaone zimenezo, m'kamwa mwangamu simulowa kanthu."

Ndipo simunalowedi kanthu, kupatula madzi onyowetsera milomo.

Kanemayo analipo. Tsiku la maliro Wedisoni anajambula yekha, anthu akung'ung'udza kuti namfedwa sagwira ntchito pamaliro a m'bale wake. Iye sanawamvere, chifukwa kuseri kwa kamera ndi kokhako kumene akanatha kuima osagwa. Anajambula kuyambira pasiwa mpaka kumanda osazimitsa, maola awiri ndi mphindi makumi anayi. Vuto linali lakuti kanema wa kamera imeneyo sasewera pafoni mpaka kompyuta itamusintha kaye. Khadi la kamera nalo anali atalifufuta Loweruka kuti ajambulire ukwati umene Alufeyo anavomera kale. Maliro onse anatsala malo amodzi okha, m'kompyuta ya m'shopu.

Masiku amenewo magetsi ankayaka sikisi koloko m'mawa n'kuzima thwelofu koloko masana, osaphonya. Maola asanu ndi limodzi. Kompyuta inati ntchitoyo ikufuna maola asanu ndi awiri. Tsiku loyamba magetsi anazima ntchito ili pa 84. Tsiku lachiwiri anazimitsa china chilichonse m'kompyutamo, nafika pa 86. Jenereta inalipo kwa wowotcherera zitsulo, koma imeneyo inali itapsereza kale wailesi ziwiri ndi makina a wometa, moti Wedisoni sakanayerekeza kulumikizako chinthu chokhacho chimene chinasunga maliro a mkulu wake.

Madzulo a tsiku lachinayi la kusadya, Felida anamupeza pakhonde la nyumba.

"Lero akomoka kawiri," anatero. "Mankhwala a kuchipatala akukana, ati sangamwe opanda chakudya, chakudyacho akukananso. Wedi, amayi akupita tikuwaona."

"Achemwali, ndipatseni kiyi wa chipinda cha achimwene."

"Ukatengemo chiyani?"

"Chikwama chimene anali nacho pangozi. Anapita kukagula ramu. Ngati zili momwemo, kompyuta ithamanga."

Felida anaomba m'manja kamodzi. "Wapenga kodi? Katundu amene munthu wafa ali naye m'manja ukamugwire malume asanabwere kudzamasula? Apolisi atabweretsa chikwamacho ine ndinachinyamula ndi chitenje, osachikhudza. Dikira mwezi uthe."

"Mwezi ukamatha tidzakhala tikumasula katundu wa anthu awiri."

Felida kiyi sanapereke. Analowa kukawapukuta mayi ake, ndipo Wedisoni, amene ankadziwa bwino msomali umene kiyiyo ankakhala, anachita zimene inunso mukuganizazo.

Chikwamacho chinali pabedi, chong'ambika mbali imodzi. Foni ya Alufeyo inali itaphwanyika ngati yapondedwa ndi ng'ombe. Koma pansi penipeni, zokulungidwa m'kampango, munali ramu ziwiri zopanda ngakhale kokala. Kwa inu osadziwa, ramu ndi timatabwa topyapyala, totalika ngati chala chapakati, pamene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira nthawi imeneyo, monga telala amayalira nsalu patebulo. Wedisoni atazigwira anamva kuti n'zofunda. Chipindacho chinali chitatsekedwa masiku khumi, koma zinali zofunda ngati zangotuluka m'thumba la munthu. Anati n'kutentha kwa Okotobala, naziponya m'thumba la malaya.

Pa ramuzo panalembedwa liwiro la 3200. Apa mpamene panali nkhani. Thabwa lalikulu la m'kompyuta, limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, lomwe iwo ankangoliti bodi, linali lakale, ndipo kabuku kake kankanena poyera kuti limathera pa 2400. Alufeyo ankafuna kudzagula bodi lina pambuyo pake. Njira yokakamizira inalipo, Wedisoni anaionapo, koma Alufeyo akakweza liwiro ngakhale pang'ono ankaisiya kompyuta tsiku lathunthu ikudziyesa yokha asanaipatse ntchito ya munthu. Ankati ramu yokakamizidwa siikana ntchito, imangoigwira molakwika mwakachetechete, iwe n'kudzazindikira zinthu zitaonongeka kale.

M'mawa mwake magetsi anapeza Wedisoni atatsegula kale kompyuta. Anazula ramu zakale, nalowetsa zatsopano mpaka zinalira kuti tswa. Pa 2400 kompyuta inati maola asanu ndi limodzi ndi theka. Sizikukwana. Analowa muja mosinthira za bodi, nakweza pa 2666. Sizikukwana. Pa 2933 sikirini inada kanthawi, kenaka inayaka, koma nthawi imene inalonjeza inali yodutsabe thwelofu. Anakweza pa 3200.

Sikirini inada bii. Fani inakuwa, kompyuta inalira katatu, basi zii.

"Ayi, ayi, ayi, usandichite zimenezo," anatero Wedisoni, thukuta likudontha pachibwano. Anazula kabatire ka pabodi, nawerenga mpaka makumi atatu, nakabwezera. Itayaka anabwereranso komweko, naika 3200, nawonjezera mphamvu ya magetsi opita ku ramu kudutsa pamene manambala amasanduka ofiira. Ulendo uno inayaka. Maola asanu.

Zoyesa zija panalibe nthawi yake. Kompyuta inadandaulanso kuti malo achepa, ndiye Wedisoni anasamutsa kanema woyambirira uja kupita pakadiski kapambali. Kusamutsa, osati kukopera, poti ankafuna malowo. Maliro onse a mkulu wake anadutsa m'ramu zosayesedwazo, ndipo pamene anali kale panatsala mbee. Anatseka chitseko cha m'mbali mwa kompyuta, namanga sikuluwu zake zinayi, nayambitsa ntchito nthawi itatsala mphindi khumi kukwana seveni.

Pakhonde la shopuyo pankakhala telala, bambo Khwinda, mkulu wa imvi amene anasoka pamenepo Wedisoni asanabadwe. Cha m'ma eyiti analowetsa mutu pakhomo.

"AWedi, mwathira madzi m'nyumbamu?"

"Ayi, bambo. Bwanji?"

"Mukununkha dothi lonyowa. Dothi la katondo, lokumba kumene."

Wedisoni ananunkhiza. Linalipodi, fungo lozizira la pansi pa nthaka, pomwe kunja fumbi linali likuuluka ndipo mvula inali isanagwe kuyambira Epulo. Anayandikira kompyuta. Fungolo linkatuluka ndi mpweya wa fani.

"Ndi fumbi la m'kati likupsa," anatero.

Bambo Khwinda anamuyang'ana, nabwerera kumakina awo.

Cha m'ma naini Wedisoni anaona sikuluwu imodzi patebulo, pafupi ndi dzanja lake. Anayang'ana kompyuta, napeza bowo la pamwamba kumanzere lili pululu. Anati mwina ndinaiwala, nafuna sikuludiraiva kuti aibwezere. Sikuludiraivayo inali ya Alufeyo, ya chigwiriro chofiira, ndipo anali ataisiya pomwepo pamaso pake. Panalibe. Anayang'ana pansi pa tebulo, m'matumba, m'dirowa, ngakhale m'bini. Atadzuka pansipo, sikuluwu patebulo zinali ziwiri, zitaimikidwa bwinobwino mitu pansi, moyandikana, monga mmene Alufeyo ankaziikira kuti zisagubuduke.

Wedisoni sanazikhudze. Anatuluka panja kuti aone anthu.

Anapeza makina a bambo Khwinda ataima, mkuluyo manja ali pamawondo, akuyang'ana kumsewu.

"Khalani apa, aWedi. Muone munthu uyo."

Mumsewu wafumbi wodutsa kuseri kwa msika munkapita bambo wina wovala malaya oyera, chikwama chili kumsana. Sankathamanga, koma mayendedwe ake anali achangu kuposa a munthu woyenda, moti njinga ya kabaza inatsalira m'mbuyo mwake. Nkhope inali yoloza kutsogolo, ndipo asanamuonetsetse anali atakhota kale pachigayo.

"Kachitatu kameneka," anatero bambo Khwinda motsitsa mawu. "Akuchokera kumanja, kupita kumanzere. Kubwerera sindikumuona. Inu mukudziwa kuti kuzungulira msika wonsewu ndi mphindi makumi awiri. Iyeyu sakutha zisanu."

"Mwina ndi anthu osiyana."

"Malayawo ndinasoka ndine, aWedi, kusokera akulu anu. Kolala yake ndimaidziwa."

Mayi wogulitsa zitumbuwa patsidya anali atavundikira beseni lake, akumanga mwana kumsana mofulumira. Galu amene ankagona pansi pa tebulo la telala tsiku lililonse anali atachoka.

"Mwaika chiyani m'makina mwanumo?" anafunsa bambo Khwinda.

Wedisoni anawauza zonse. Mkuluyo anavula magalasi, nawapukuta ndi kansalu nthawi yaitali.

"Za kompyuta ine sindizidziwa. Koma makina angawa ndikawapalasa kuposa mmene anawapangira, saima ayi. Amasokabe, kungoti amalumpha, ndipo chimene chimatuluka si chimene ndinadula. Ndiye inu mwatenga zinthu zimene munthu anafa atazifumbata, mwaikamo maliro ake omwe, n'kumazikwapula kuti zithamange. Zimitsani, mwana wanga."

"Ndikazimitsa, amayi safika Lamlungu."

Bambo Khwinda anaimirira. Anayamba kupinda nsalu za anthu n'kumaziika m'thumba, ntchito ili pakati.

Wedisoni atalowanso m'shopu, ntchito inali pa 58, ndipo sikuluwu patebulo zinali zitatu. Masipika anali ozimitsa, waya wake uli lende, koma m'phokoso la fani munkamveka kanthu kena. Anayandikiza khutu. Inali nyimbo ya maliro imene amayi a Mvano anaimba potuluka pasiwa, yochokera kutali kwambiri, koma yothamanga, ngati oimbawo akuimba akuthawa. Pansi pa nyimboyo pankamveka mapazi ambiri.

Anakhala pampando maso ali pa sikuluwu yachinayi. Teni koloko inadutsa, leveni inakwana. 83. 88. Malo amene magetsi anamugonjetsera masiku awiri aja anawadutsa. Anayang'ana sikirini kamphindi kochepa chabe kuti aone 93, ndipo anamva kachitsulo kakugwa patebulo kuti ngwe.

Chitseko cha m'mbali mwa kompyuta chinayamba kutsetsereka chokha, pang'onopang'ono, mosamala, monga amatsegulira munthu wodziwa ntchito yake.

Wedisoni anachigwira ndi manja onse awiri. Chitsulocho chinali chotentha moti zikhato zinawawa, ndipo mbali inayo kunali mphamvu imene inkakoka. Sinali yaukali. Inkangokoka mosalekeza.

"Achimwene," anatero. "Achimwene, ndapota nanu. Ndikudziwa kuti ndalakwa. Ndaba kiyi, ndagwira katundu wanu, ndakakamiza bodi lanu. Koma amayi sakudya. Lero ndi tsiku lachisanu. Mphindi makumi awiri zokha, kenaka muzitenge."

Kukokako kunapitirira kanthawi, kenaka kunaleka. Wedisoni anamva mpweya pakhosi pake, kupuma kumodzi kwakutali, kuja amapuma munthu amene wakuchenjeza ndipo waona kuti sumva. Sanacheuke. Anagwirabe chitsulocho, misozi ikutsikira m'kamwa, mpaka sikirini inalemba 100 nthawi itatsala mphindi zisanu ndi zitatu kukwana thwelofu.

Anakopera kanema watsopanoyo pafoni. Ali mkati modikira anaona utali wake: ola limodzi ndi mphindi 58. Mphindi makumi anayi ndi ziwiri zinapita kuti? Anathamangira pakadiski kapambali kuti atsegule woyambirira uja afananize. Kompyuta inati kanemayo ndi woonongeka, singamutsegule. Anayesanso. Inakananso. Foni inalira kuti kukopera kwatha, ndipo nthawi yomweyo magetsi anazima.

Panja bambo Khwinda anali atamangirira kale mutu wa makina panjinga yawo.

"Yatheka?"

"Yatheka."

"Yambani mwaonera nokha musanawapatse mayi anu."

"Batire silingakwane kuonera kawiri, bambo, ndipo magetsi ndi mawa."

Anangotsegula poyambirira pokha. Nkhope ya Alufeyo inalipo, yoonekera bwino, maluwa ali m'mbali. Wedisoni anaika foni m'thumba, nakwera njinga.

Kwawo kunali mtunda wa mphindi makumi awiri. Anatsamiritsa njinga pakhoma pafupi ndi khomo, nadutsa pansi pa chingwe pamene Felida anayanika zofunda za mayi ake m'mawa umenewo, nalowa, natseka chitseko. M'nyumba munali fungo la munthu wodwala. ANamwale anali atatha, maso atalowa, milomo itang'ambika. Pambali pawo panali mbale ya phala yovundikira, imene Felida ankaphika m'mawa uliwonse n'kukataya madzulo.

"Amayi, ndabwera naye."

Felida anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa pake. Anayang'ana Wedisoni ndi diso lofunsa, iye anayang'ana kumbali. ANamwale anatenga foni ndi dzanja lamanja, naiyandikiza kumaso.

Nkhope itaoneka, mayiwo anaikhudza ndi chala chachikulu. "Ndi iyeyu," ananong'ona. "Alufeyo wanga. Mayo ine, mwana wanga!" Analira koyamba chimvereni uthengawo, kulira kopanda mphamvu, ndipo Felida analira nawo. Wedisoni anakhala pansi n'kutsamira khoma. Mtima wake unatsika. Anaganiza kuti zatheka, kuti akatha kulira adya.

Bokosi linatsekedwa. Abusa analalikira, mawu awo ali okwera pang'ono kuposa mmene Wedisoni ankawakumbukira, koma osati moti wina n'kudabwa. Kenaka amuna asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi, ulendo wa kumanda unayamba.

Woyamba kuona anali Felida. "Bwanji sakulandirana?"

Kwathu kuno bokosi silinyamulidwa ndi anthu omwewo njira yonse. Amuna amayenda m'mbali, wina akatopa mnzake amalowa, ndipo onse amayenda pang'onopang'ono kuti womwalirayo atsanzike mudzi wake. Wedisoni ankakumbuka bwino kuti tsiku lija analandirana mwina kakhumi. Pafonipo anali anthu omwewo asanu ndi mmodzi, misana yokhayokha, ndipo panalibe msana umene anauzindikira. Mapazi awo ankafulumira. Amayi a Mvano anayamba kutsalira, ena atagwira zitenje m'manja akuthamanga, nyimbo ikuduka chifukwa cha phuma.

"Wedi, sizinali choncho," anatero Felida. "Tinayenda bwinobwino ife. Wedi, wachita chiyani?"

Anafika pamtengo wa mkuyu pamene njira imakhotera kumanda. Adzukulu anali ataima pamenepo ndi makasu awo, matope ali m'miyendo, akudikira. Bokosi silinakhote. Linawadutsa, ndipo mitu yawo yonse inatembenuka pamodzi kuliperekeza ndi maso.

"Izi sindinajambule ine," anatero Wedisoni. Anadumpha kuti alande foni. "Amayi, bweretsani, yalakwika, ndikakonzenso!"

Dzanja la munthu amene sanadye masiku asanu linagwira foniyo mwamphamvu moti analephera kumasula ngakhale chala chimodzi.

"Ndinati osadula," anatero aNamwale, maso osachotsa pamenepo. "Khala pansi."

Anthu onse anali atatsalira tsopano. Nyimbo inatha. Panatsala onyamula aja, bokosi, ndi wogwira kamera amene ankawatsatira akupuma wefuwefu, ndipo Wedisoni anazindikira kupuma kwake komwe. Anatsikira kudambo, nadutsa pamadimba, nazungulira kuseri kwa tchalitchi. Tsiku la maliro kunali mitambo. Pafonipo dzuwa linali lowala, zithunzithunzi zili zazifupi pansi pa mapazi, ngati mmene kunalili panja nthawi yomweyo.

Felida anayamba kupemphera mothamanga, mawu akugundana. Njira imene inkaoneka inali imene iye ankadutsa popita kukatunga madzi. Kenaka panaoneka khola la mbuzi, mtengo wa mapapaya, chingwe chokhala ndi zofunda ziwiri ndi chitenje chobiriwira. Panaoneka njinga itatsamira khoma. Onyamulawo anaima pakhomo lotseka, nawerama onse pamodzi.

Foni inazima.

Panja nkhuku zinali zitasiya kulira. M'kachetechetemo, kuseri kwa chitseko, chinthu cholemera chinatsitsidwa pansi mosamala kuti dii, ndipo panamveka kupuma kwa amuna otopa.

Amene anayamba kuyankhula anali aNamwale, ndipo mawu awo anali omveka bwino kuposa masiku onse chidwalireni.

"Felida, phala lija lilipo?"

Felida anavundukula mbale. Mayiwo anadya. Anadya supuni ndi supuni, osapuma, phala lozizira la m'mawa, mpaka supuni inakanda pansi pa mbale. Wedisoni ankawayang'ana akumeza. Chimenechi ndi chimene anachifuna masiku asanu, chimene anabera kiyi, chimene anapsera zikhato, ndipo tsopano ankalakalaka atawalanda mbaleyo.

"Ndakhuta. Tsopano undimange duku langa loyera, undivekenso nsapato."

"Amayi, nsapato za chiyani? Simukuyenda inu."

"Ndiveke, mwanawe."

"Amayi, musatero," anatero Wedisoni atagwada. "Cholakwa ndi changa. Ndinakakamiza makina, ndi makina chabe asokoneza zithunzi. Achimwene tinawaika, ndinaona ndi maso angawa, dothi ndinathira ndi dzanja ili. Ndikonza, mawa magetsi akayaka ndikonza."

ANamwale anamusisita kumutu, monga ankachitira ali mwana.

"Sindikukudzudzula, Wedi. Munapita naye ine kulibe, ndiye wabwerera. Wamuthamangitsa mwana wanga ulendo wonsewu padzuwa. Ndimudikiritsenso pakhomo?"

Wedisoni anaimirira, napita kuchitseko, nakoka mpiringidzo, nachitsamira ndi msana wake wonse, mapazi atakanikiza pansi. Kudzera m'matabwamo ankamva kuzizira, ndi fungo lija la katondo. Palibe anagogoda. Palibe anakankha. Iwo ankangodikira, ndipo iye anatseka maso n'kulumbira mumtima kuti aima pamenepo mpaka mawa, mpaka mwezi uthe, mpaka malume abwere. Ali chitsinzinire ankamva Felida akusisima, akumanga duku, akulowetsa phazi lakufa lija m'nsapato, kenaka linalo.

Sanadziwe kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Anangomva tambala akulira kukhola, mbuzi ikuyankha, ndi mwana wa oyandikana nawo akuitana mnzake. Matabwa kumsana kwake anali atafundanso ndi dzuwa.

"Sindinatsegule," anatero maso ali chitsekere. "Achemwali, mwaona? Sindinatsegule."

"Chokapo pakhomopo, Wedi," anatero Felida. "Amayi atuluka kale."